Mark X, Golf GTI kapena Subaru: misewu ya ku Chiradzulu ikuti chiyani?

Pamene bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA lidakweza mtengo wa petulo kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499 pa lita mu Okutobala 2025, ena adaganiza kuti mkangano wa galimoto zaliwiro utha wokha. Sudathe. M'malo otsukira galimoto ku Limbe, m'magulu a WhatsApp ndi pa masamba a Facebook otsatsirapo malonda, anyamata ndi asungwana apantchito akadakokanabe: wina akuti Toyota Mark X, wina Volkswagen Golf GTI, winanso walumbira kuti Subaru sadzaisiya. Onse amayambira pa manambala, kuti injini ili ndi akavalo angati ndipo imatenga masekondi angati kufika pa 100. Funso limene limatsalira m'mbuyo ndi lakuti galimotoyo izidzayenda pati.

Boma la Chiradzulu ndi malo abwino oyankhirapo funsoli, chifukwa m'dera laling'ono la masikweya kilomita 767 muli pafupifupi mtundu uliwonse wa msewu umene dalaivala wa ku Malawi amakumana nawo. Mbali imodzi kwadutsa msewu wa Blantyre-Zomba, umene udakonzedwanso ndi ndalama za African Development Bank ndipo umapyola pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi. Mbali ina kuli msewu wa Midima wopita ku Mulanje, uja adautcha dzina la Robert Mugabe mu 2006. Pakati pa iwiriyi pali misewu ing'onoing'ono ya phula yolowera ku Boma ndi ku Nguludi, kenako unyinji wa misewu ya fumbi yopita m'midzi. Munthu wogwira ntchito ku Limbe amene kwawo ndi ku Namitambo akhoza kuponda mitundu yonseyi Loweruka limodzi asadadye nkhomaliro.

Galimoto zikukanganidwazi sizidapangidwire misewu imeneyi. Zambiri zimagulidwa zoyenda kale ku Japan kudzera kwa amalonda monga Be Forward ndi SBT, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Ku Japan galimoto yatsopano imakayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula moti eni ake amaona chanzeru kuigulitsa ikadali yooneka bwino. Ife timatolera pamenepo. Koma okonda manambala satchula mfundo iyi: makampani a ku Japan komweko adagwirizana kalekale zotsekera liwiro pa makilomita 180 pa ola pa galimoto zogulitsidwa kwawo, ndipo kwa zaka pafupifupi 15, mpaka mu 2004, sankalengeza injini yoposa akavalo 280. Eni misewu yosalala ndi yotchingidwa mbali zonse adaona okha kuti mphamvu ikufunika malire.

Mwa zitatuzi, yofala kwambiri kuno ndi Mark X. Toyota idaipanga kuyambira 2004 mpaka 2019. Imene ambiri amagula ndi ya injini ya V6 ya malita 2.5, yomwe pa mtundu wachiwiri, uja udayamba mu 2009, imatulutsa akavalo 203, ndipo mphamvuyo imapita ku matayala akumbuyo. Amene adaiyendetsapo kuchokera pa Mapanga kulunjika ku Namadzi mmawa msewu usadadzaze sangainyoze. Injini imalira mofatsa, chiwongolero chimamvera bwino popeza matayala akutsogolo ali ndi ntchito imodzi yokha yokhota, ndipo ukafuna kupitirira lole yodzaza miyala ya ku Njuli suchedwa kumbali ya anzako. Mfundo yomalizayi si yaing'ono. Pa msewu wopanda chotchinga pakati, masekondi amene galimoto imakhala kumbali yolakwika ndiwo oopsa kwambiri, ndipo apa ndi pamene akavalo ochuluka amagwira ntchito yooneka. Ubwino wina ndi dzina la Toyota: amakaniko ambiri a ku Limbe amaidziwa, ndipo zipangizo zake, zatsopano kapena zochotsa ku galimoto zowonongeka, sizivuta kupeza.

Mavuto amayamba phula likatha. Mimba ya Mark X imatalikirana ndi nthaka ndi mamilimita pafupifupi 155, apo ndi pamene ilibe katundu. Mukakweza anthu anayi n'kuika thumba la chimanga m'buti, hampu iliyonse ya pamsika imasanduka mayeso, ndipo mwala wotumphuka pakati pa msewu wa fumbi ukhoza kuboola sampu, oilo yense n'kuthera pansi. M'dzinja, dothi la katondo likanyowa, matayala akumbuyo amangozungulira pamalo amodzi, mbuyo ya galimoto n'kumalowera kumene yafuna. Ambiri amaonjezera vuto poika marimu aakulu ndi matayala opyapyala kuti galimoto izioneka yaukali. Dzenje limodzi limapinda rimu ndi kutupitsa tayala limene lidagulidwa mwezi watha. Injini yake imapopera petulo molunjika m'masilinda, ndipo injini zotere zimadziwika kuti zimaunjika mwaye pa mavalavu zikamakalamba. Mark X ndi mfumu ya msewu wa Zomba, koma ufumu wake umathera pa mphambano yoyamba yolowera kumudzi.

Golf GTI ili ndi mbiri ina. Volkswagen idayamba kuigulitsa mu 1976 ndi lingaliro lanzeru, loti galimoto yaing'ono ya banja, ya chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba, ipatsidwe injini yamoto. Ku South Africa GTI ndi chizindikiro cha mnyamata amene zake zayenda, ndipo abale athu a ku Johannesburg akamabwera pa Khirisimasi amabwera ndi chikoka chimenechi. Mtundu wachisanu uli ndi injini ya malita 2.0 ya turbo yotulutsa akavalo 200. Pa kukhota ndi pa mabuleki imaiposa Mark X, imamwa pang'ono poyerekeza nayo, ndipo mipando yakumbuyo ikapindidwa imanyamula katundu amene sangalowe m'buti ya Mark X. Chofooka chake chili pansi pa giya. Zambiri zimabwera ndi giyabokosi ya DSG, ya makilatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, imene imafuna oilo wakewake pa makilomita 60,000 aliwonse. Yoyenda kale simudziwa ngati mwini wake woyamba ankasamala zimenezi. Ikadwala, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango sangaichize, ndipo chipangizo chake chimaitanitsidwa kunja, galimoto ili pa miyala. Ndi yotsikanso ngati Mark X yomwe. Kwa munthu amene sachoka pa phula ndipo ali ndi galaja yodalirika, GTI ndiyo yokoma kuposa zonse. Anthu oterowo ku Chiradzulu ndi owerengeka.

Subaru ndiyo ili ndi chifukwa chomveka chodzitamira pa misewu ya mu Africa. Dzina lake lidakula pa mipikisano ya m'misewu ya fumbi, pamene kampaniyi idatenga chikho cha dziko lonse cha opanga galimoto mu 1995, 1996 ndi 1997. Colin McRae adapambana Safari Rally ya ku Kenya mu 1997 pa Impreza, Richard Burns n'kubwereza mu 2000. Injini yake imagona chammbali, masilinda atayang'anizana, zimene zimatsitsa kulemera kwa galimoto pafupi ndi nthaka kuti isamapendame pokhota, ndipo mphamvu imagawidwa ku matayala onse anayi nthawi zonse. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu, phula n'kumaterera ndi mvula yowaza, kusiyana kwa galimoto yokoka ndi matayala anayi ndi yokankha ndi awiri akumbuyo kumamveka m'manja mwa dalaivala.

Komabe Subaru si imodzi. Impreza WRX imene amagulitsa m'sitolo si ija ya ku Safari Rally. Ndi yotsika, ya masipuling'i olimba, ndipo pa msewu wokumbika imagwedeza mano. Yoyenera boma ngati lino ndi Forester XT, imene ili ndi injini ya turbo ya banja lomwelo koma mimba yake ili m'mwamba ndi mamilimita pafupifupi 220. Mtundu wachinayi wa ku Japan umatulutsa akavalo 280 kuchokera mu injini ya malita 2.0 okha. Pa galimoto zonse tatchulazi, iyi yokha ndiyo mvula siisinthira ulendo. Anthu a ku Chiradzulu safunika kuwafotokozera kuti msewu ukhoza kusowa usiku umodzi: mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Likoswe, napha anthu, nawononga misewu ndi milatho m'maboma ambiri a kummwera. Pambuyo pa mvula yotere mamilimita 65 osiyanitsa Forester ndi Mark X amaposa akavalo onse olembedwa pa pepala.

Mtengo wake ndi woti Forester XT ndi mlendo wosadya zilizonse. Turbo imafuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, mapulagi ali pobisika moti kuwasintha ndi ntchito ya maola, ndipo matayala onse anayi ayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake, apo ayi zida zogawa mphamvu zimavutika. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi lakale pamene lina laphulika sichigwirizana ndi galimoto imeneyi. Tisaiwalenso kuti galimoto ya turbo yoyenda kale kawirikawiri idali m'manja mwa munthu amene adaigulira kuthamanga. Wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, koma ndi bwino kudziwiratu kuti apongozi ndani.

Tsopano tione chimene liwiro limagula. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 30 pa msewu wa Zomba. Pa liwiro la 80 umatenga mphindi 22 ndi theka; pa 120 umatenga mphindi 15. Phindu lonse ndi mphindi 7 ndi theka, ndipo limeneli ndi la pa pepala, popeza pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi muyenera kutsitsa liwiro, minibasi ikuima mosachenjeza, apolisi apamsewu ali ndi kamera yawo penapake. Mbali inayo, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwira sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likakwera kuchoka pa 80 kufika pa 120, mtundawo umachuluka kuposa kawiri. Palibe dzina la kampani limene limasintha lamulo limeneli.

Nanga m'mbali mwa msewumo muli ndani? Kalembera wa 2018 adapeza anthu 356,875 m'boma la Chiradzulu, kutanthauza anthu oposa 460 pa sikweya kilomita iliyonse, limodzi mwa maboma odzaza kwambiri m'dziko muno. Msewu wa phula kuno ndi msika, ndi njira ya ana asukulu, ndi podutsira alimi a ng'ombe zamkaka opalasa njinga mbandakucha, ndiponso ndi ofesi ya anyamata a kabaza. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO la 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 pa 100,000 aliwonse amafa pa ngozi zapamsewu pachaka, pamene ku Japan, kochokera galimotozi, ndi anthu 4. Wa mu Mark X ali ndi lamba, zikwama za mpweya ndi chitsulo chomuzungulira. Mayi wogulitsa tomato pa Mbulumbuzi ali ndi chitenje. Mkangano wa akavalo umachitika ngati nkhani ya wogula yekha, chonsecho ena amene amalipira nawo sakhala pa zokambiranazo.

Thumba nalo lili ndi mawu ake. Munthu woyenda makilomita 60 patsiku kwa masiku 22 amakwanitsa makilomita 1,320 pamwezi. Ngati galimoto yake imayenda makilomita 9 pa lita, afunika malita pafupifupi 147, amene pa mtengo wa Okutobala 2025 ndi K513,000. Ngati imayenda makilomita 15 pa lita, afunika malita 88, pafupifupi K308,000. Kusiyana kwake kukuposa K200,000 mwezi uliwonse, oilo ndi matayala tisadawerengere. Ndipo kuyambira 2022 taphunzira kuti vuto si mtengo wokha. Mafuta athu ambiri amabwera kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ogulidwa ndi madola amene dziko limasowa, ndipo akachedwa mizere imagona pa malo omwetsera mafuta. Eni malo akaika malire, tinene malita 20 pa galimoto, woyamba uja apita makilomita 180, wachiwiri 300. Pa mzere wa petulo palibe galimoto yaliwiro.

Palinso nkhani ya mtundu wa mafutawo. Ku Japan amagulitsa petulo wa mitundu iwiri, ndipo galimoto za turbo monga Forester XT ndi WRX zidakonzedwera wapamwambayo. Kuno pampu ndi imodzi. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa, ndipo ameneyo payekha si mdani wa injini. Mdani ndi wa m'zigubu, uja timathamangira mafuta akasowa, amene palibe angatsimikize kuti sadathiridwemo palafini kapena madzi. Injini yakale ya Corolla imatsokomola n'kupitirira. Ya turbo kapena yopopera molunjika imasunga mangawa, n'kudzakulipiritsani ku galaja.

Pali gulu lina la galimoto limene pa mkangano uja silitchulidwa, mwina chifukwa silichititsa anthu kutembenuka. Ndi tigalimoto ting'onoting'ono tokometseredwa: Suzuki Swift Sport, Honda Fit RS, Toyota Vitz RS. Swift Sport ya 2011 mpaka 2016 ili ndi injini ya malita 1.6 ya akavalo 136, nambala imene mwini Mark X angaiseke. Koma imalemera makilogalamu pafupifupi 1,050, pamene Mark X imalemera pafupifupi 1,500. Mukagawa, kavalo aliyense wa Swift akukoka makilogalamu osakwana 8, wa Mark X oposa 7. Kusiyana kumene kunkaoneka kwakukulu kwatsala kochepa, ndipo galimoto yopepuka imaima msanga, imakhota mosavuta, simadya matayala ndi mabuleki. Fit RS ya malita 1.5 ndi akavalo 120 ndi yofatsirapo, koma imamwa petulo wamba, ndipo popeza tanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, kumbuyo kumatsala malo odabwitsa. Nazonso ndi zotsika, Swift Sport makamaka, moti kumudzi m'dzinja zimavutika ngati zinzake. Kusiyana n'kwakuti tayala lake likaphulika simugulitsa mbuzi ziwiri.

Apa ndi pamene nkhani ya chisangalalo imatembenukira. Kukoma kwa kuyendetsa galimoto sikuchokera pa mphamvu imene ili nayo, koma pa gawo la mphamvuyo limene dalaivala angaligwiritse ntchito. Pa Swift Sport ya giya yapamanja munthu akhoza kukwera chitunda cha ku Boma akusintha magiya, injini ikuimba pamwamba, iye akumva msewu m'chiwongolero, koma liwiro lili m'malire a lamulo. Pa Mark X ya malita 3.5, ya akavalo 318, ukaponda moto masekondi ochepa okha waphwanya kale lamulo, ndipo nthawi yotsalayo umangoigwira pakamwa ngati ng'ombe yolusa. Ku South Africa mwini galimoto yotere akhoza kupita nayo ku bwalo la mpikisano ngati Kyalami kukaitulutsa thukuta mosaopseza munthu. Ku Chiradzulu bwalo lotero kulibe. Amene alipo ndi ana a pa Namadzi akuwoloka msewu.

Ndiponso kwathu kuno galimoto ya munthu mmodzi kulibe. Tsiku limene mwaigula yasanduka ambulansi ya mudzi wonse, yoyenera kufika pakhomo pa agogo pakati pa usiku n'kuwatengera ku chipatala cha St Joseph's ku Nguludi kapena cha boma. Ndi yonyamula azakhali pa maliro, ufa ndi nandolo pobwerera m'tauni, feteleza mu Novembala. Pa 15 Januwale, pamene anthu amasonkhana ku PIM kukumbukira John Chilembwe, mvula imakhala ili pakati, ndipo amene adaimikapo galimoto pa udzu wonyowa amadziwa kuti ndi ziti zimachoka zokha ndi ziti zimafuna anyamata okankha. Galimoto imene mwini wake amayamba wafunsa za msewu asadavomere kukatenga wodwala yalephera mayeso amene achibale amaona kuti ndiwo enieni.

Boma limalowa m'nkhaniyi kudzera pa msonkho. Bungwe lotolera msonkho la MRA limawerengera galimoto yolowa m'dziko poyang'ana mtengo, zaka zake ndi kukula kwa injini, moti yakale ndi ya injini yaikulu imalipira zambiri. Muyezo umenewu udali womveka pamene injini yaikulu inkatanthauza mphamvu zambiri. Lero turbo yausokoneza: injini ya 1,998cc ya Forester XT ili ndi akavalo 77 kuposa ya 2,499cc ya Mark X. Ngati cholinga n'kuchepetsa galimoto zomwa kwambiri mafuta ogulidwa ndi ndalama zakunja, kuyeza kukula kwa injini kokha sikukwaniranso, ndipo aphungu akamaunika ndondomeko ya chuma angachite bwino kufunsa ngati kamwedwe ka mafuta sikangakhale muyezo wolungama. Wogula naye akumbukire kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msonkho umalipidwa kamodzi, koma turbo, giyabokosi ndi mashoko zidzagulidwa mawa pa mtengo wa dola wa mawalo.

Amalonda a ku Japan amatumiza zithunzi zambiri, za mipando, za injini, ngakhale za pansi pa galimoto, koma chithunzi cha msewu wa kwanu alibe. Amene akuganiza zotumiza madola ake angayambe wapempha mnzake amene ali kale ndi galimoto ya mtunduwo kuti ayende limodzi, atadzaza tanki ndi kulemba makilomita. Ulendowo ukhale wa mu Febuluwale, osati mu Seputembala, kumbuyo kutakhala anthu atatu ndi thumba la makilogalamu 50 m'buti. Achoke ku Limbe, akafike pa Namadzi, pobwerera apatukire kumudzi mpaka pakhomo penipeni, kenako adzadzazenso tanki pa pampu yomwe ija n'kuwerenga lisiti.